Kunyezimira kwa Makande

Chichokereni kuchipatala kumene adakawachotsa ng'ala m'diso lakumanja, a Fletcher ankaona bwino kuposa kale, koma dzuwa lidayamba kuwazunza. Kuchipatalako adawapatsa magalasi oyera owathandiza kuona patali, ndipo ndi magalasiwo ankatha kumuzindikira munthu akadali kutsidya kwa msika. Vuto linali kuwala. Dzuwa likangokwera pang'ono, chilichonse chinkawabaya m'maso: malata, phula la mumsewu, madzi a m'ngalande, ngakhale masamba a chinangwa. Misozi inkangotsika yokha, ndipo popeza manja onse awiri ankakhala pachiwongolero, ankaipukutira paphewa. Pofika masana mutu unkakhala ngati wina waukulunga ndi mphira womangira katundu n'kumakoka.

A Fletcher anali wa kabaza. Pasiteji ya kwawo, kunsi kwa phiri la Michesi, iwo ndiwo anali wamkulu pa onse, komanso mmodzi mwa ochepa amene adatsala ndi njinga yakapalasa. Anzawo ambiri adapeza njinga zamoto, ndipo anthu adazolowera kufika msanga. Nthawi yaitali a Fletcher ankangokhala pansi pa bulugama, kuonerera anzawo akupita ndi kubwera.

Chimene chinkawasunga pantchitoyo chinali munthu mmodzi, mayi Jalia, amene ankagulitsa zitenje mumsika wa ku Boma. Mayiwa ankaopa njinga zamoto chithyokereni mwendo mlongo wawo atagwa pa imodzi mwa izo. M'mawa a Fletcher ankawatenga kunyumba kwawo pamodzi ndi mtolo wa nsalu, madzulo n'kukawatenganso. Lachisanu mayi Jalia ankapuma, Lamulungu a Fletcher ankapita kutchalitchi. Masiku ena onse ankayenda limodzi, zaka ndi zaka, ndipo a Fletcher anali asanawagwetsepo. Ankadziwa kuti tsiku limene mayi Jalia adzasiye kukwera njinga yawo, pasiteji sipadzakhalanso chodikira.

Madzulo ena adafika kunyumba, natsamiritsa njinga kukhoma, n'kugona chagada pamkeka osavula nsapato. Akazi awo, a Eveles, adasiya lichero la nandolo limene ankapeta, nakanyowetsa kansalu, n'kudzawaphimba nako m'maso.

"Mutu womwe uja?"

"Womwe uja."

"Mwana wanu Princess waimba kuchokera ku Blantyre. Akuti mupite kwa opima maso aja mukasankhe magalasi akuda okhala ndi mphamvu ya maso anu. Alipira iye. Koma akuti amodzi okha, musakanyamule sitolo yonse."

"Muuzeni ndikufuna awiri, ena opitira kutchalitchi."

"Mumuuze nokha. Ine ndanena zimene wandituma."

A Fletcher adafuna kuseka, koma kuseka nakonso kunkagwedeza mutu. Adangogona pansi pa kansalu kozizirako mpaka kadatentha.

Wopima masoyo anali mayi wachitsikana dzina lake Nusaiba. Ankabwera ku Boma kuchokera ku Blantyre masiku ena okha, ndipo ankagwirira ntchito m'kachipinda ka kuseri kwa mzere wa masitolo. Atawawerengetsa a Fletcher zilembo za pakhoma, adatulutsa timagalasi takuda ta mitundu iwiri, tokhala ndi kachitsulo kopanira pamwamba pa magalasi ena.

"Mphamvu yake tikuidziwa, bambo. Ndi yomweyo ili m'magalasi mwavalawa. Chatsala n'chakuti musankhe mtundu wa kuda kwake."

"Kuda nakonso kuli ndi mitundu, adokotala?"

"Sindine dokotala, ndimangopima maso. Mitundu ilipo iwiri. Awa ndi akuda wamba, amangochepetsa kuwala konse ngati mwalowa pamthunzi. Awa timawatcha apolaraizidi. Amachepetsa kuwala chimodzimodzi, komanso amapha kunyezimira, kuja kumachokera pamadzi, paphula, pagalasi la galimoto. Tiyeni panja muone nokha."

Kuseri kwa sitolo kunali chithaphwi cha madzi otayikira pampopi. Nusaiba adapanira takuda wamba pamagalasi awo. Dziko lidazizira pang'ono, koma chithaphwicho chinkawalabe ngati mbale yatsopano. Kenaka adachotsa n'kupanira tinato. A Fletcher adawerama. Kuwala kwa pamadzi kudalibenso. Ankaona pansi penipeni pa chithaphwicho, timiyala, chitsekerero cha botolo, mapazi a nkhuku odindika m'matope.

"Madzi apita kuti?"

"Alipo, bambo. Kunyezimira kokha n'kumene kwapita."

Adakweza timagalasito, natsitsa, nakwezanso. Kwa nthawi yoyamba chichitireni opaleshoni adamva nkhope yawo ikumasuka.

"Nanga malata?"

"Pamalata onse awiri amathandiza mofanana."

"Ndiye ofookawo mumawagulitsiranji, adokotala?"

"Pali anthu amene amawafuna. Ndi apolaraizidi, foni nthawi zina imada mukaitembenuza, ndiye ena amadandaula. Tengani tonse tiwiri mukayese panjira yanu. N'toyesera chabe, n'tosalimba, mudzandibwezere ndikabwera sabata yamawa. Tsiku limenelo mudzandiuze mtundu umodzi umene mwasankha. Akawadula ku Blantyre molingana ndi maso anu sabwezedwa, chifukwa palibe wina angawavale."

Takuda wamba tija a Fletcher adatikulunga m'kapepala n'kutiika m'thumba la malaya. Adabwerera kwawo atavala topha kunyezimira.

Mvula idachedwa chaka chimenecho. Anthu anali atamaliza kuunga mizere, ndipo ankangoyang'ana kuphiri ngati kuli mitambo. Dzuwa linkaotcha kuyambira m'mawa, koma a Fletcher ankadutsamo ngati munthu woyenda pansi pa mitengo. Phula la pafupi ndi Boma, limene masana linkaoneka ngati lathiridwa madzi, tsopano linali lakuda bii. Galimoto ikamabwera ankatha kumuona dalaivala m'kati.

Pasiteji anzawo sadawasiye. Laston, mwini njinga yamoto yofiira, amene pakamwa pake sipankapuma, adawazungulira akuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Madala, mwaoneka ngati bwana wa kubungwe amene amulanda galimoto."

"Iwe Laston, ine ndinayamba kupalasa njinga mayi ako asanakusiyitse bere."

"N'chifukwa chake mukadali panjira, madala. Ife tinafika kalekale."

Anthu adaseka, a Fletcher nawonso adaseka, ndipo mutu sudagwedezeke. Tsiku lina adatulutsa foni, yakale ya Princess, naigwira chopingasa, n'kuona galasi lake lili bii. Adaganiza kuti yafa. Atakweza timagalasi adapeza ikuyaka bwinobwino. Zimenezo sizidawadetse nkhawa. Owaimbira anali awiri okha, Princess ndi mayi Jalia, ndipo onse ankawadziwa mawu.

Mayi Jalia adawayamikira magalasiwo ali pakaliya, mtolo wa nsalu uli pamiyendo.

"Akukhalani, a Fletcher. Mayi akunyumba achenjere."

"Iwo achenjere ndi chiyani, mayi? Amene angandifune ayambe wandigulira matayala."

Madzulo ankafika kunyumba ali ndi mphamvu. Adakonza chitseko cha khola la mbuzi chimene chidakhala chikulendewera kuyambira nthawi yokolola. Adakhala pakhonde n'kucheza ndi a Eveles mpaka nkhuku zidalowa. Kansalu kaja kadauma pachingwe osagwiritsidwa ntchito. Mumtima anali atasankha kale, ndipo ankangodikira tsiku lobwera Nusaiba.

Kenaka mvula idagwa, yamphamvu, m'bandakucha wa tsiku lina. Pofika nthawi yonyamuka kumwamba kudali mbee, dzuwa litatuluka ngati palibe chachitika. Paliponse panali madzi, masamba onse akudontha. Tsiku ngati limenelo ndilo linkawapweteka kwambiri, choncho a Fletcher adapanira topha kunyezimira asanatuluke n'komwe pakhomo.

Njira yochokera kwa mayi Jalia isanakumane ndi msewu waukulu inkadutsa m'dambo la makande. Dothi limeneli likauma limalimba ngati simenti n'kuchita ming'alu. Likanyowa, pamwamba pake pamakhala ngati papakidwa sopo. A Fletcher adadutsapo nyengo zambiri za mvula atanyamula anthu, matumba a chimanga, ngakhale mbuzi, osagwa. Sadaganizepo kuti ankachita bwanji. Manja ndi maso zinkangodziwa zokha.

M'mawa umenewo mtolo wa mayi Jalia unali waukulu, chifukwa anali atangolandira zitenje zatsopano zogulitsa pa Khirisimasi. Ankafotokoza za mitundu imene amayi akuikonda chaka chino, a Fletcher akungovomera. Atafika m'dambo adayang'ana kutsogolo. Njira yonse inali ya mtundu umodzi, yakuda, yosalala, yooneka yolimba ngati pakhonde pozira bwino. Adaganiza kuti madzi atsika kale. Adalowa pakati penipeni.

Sankathamanga. Tayala lakutsogolo lidangochoka pansi pawo n'kupita kumanzere ngati wina walikoka. Adayesa kuponda pansi, phazi nalonso lidaterereka. Njinga idagona, iwo adagwada m'matope, ndipo kumbuyo adamva mayi Jalia akugwa chammbali. Mtolo udamasuka. Zitenje zatsopano, zofiira, zachikasu, zobiriwira, zidayalika pamakande.

"Mayi, mayi, pepani. Mwavulala?"

"Musandikoke dzanja ilo. Gwirani linali."

Adawadzutsa. Mpango wawo unali utapendekeka, mbali yonse ya diresi ili matope okhaokha. Dzanja lamanja adaligwirizira pachifuwa. Amayi awiri amene ankapita kumunda ndi makasu adaima chapatali, kenaka adabwera kudzathandiza kutola nsalu.

"Tolani zam'mwambazo kaye," adatero mayi Jalia. "Zapansizo zapita kale."

Ali m'kati motola, Laston adatulukira ndi njinga yake yamoto, akuyenda pang'onopang'ono m'mphepete, mapazi onse ali pansi. Adaima. A Fletcher adadikira nthabwala, koma Laston sadanene nthabwala iliyonse, ndipo zimenezo zidawawa kuposa bondo.

"Mayi, kwerani ndikakusiyeni," adatero motsitsa mawu.

Mayi Jalia adayang'ana njinga yamotoyo, kenaka adayang'ana a Fletcher.

"Pitani naye, mayi," adatero a Fletcher. "Mukaonetse dzanjalo kuchipatala. Iwe Laston, uyende ngati wanyamula mazira."

Adamanga okha mtolowo kumbuyo kwa njinga yamoto ndi mphira wawo. Mayi Jalia adakwera, nagwira malaya a Laston ndi dzanja lamanzere, natsinzina. Njinga idanyamuka, amayi a makasu aja adapitiriza ulendo wawo, ndipo a Fletcher adatsala okha m'dambo.

Matope adali atawazikira mpaka kumaso. Adachotsa timagalasi takuda kuti atipukute pamalaya, ndipo atakweza mutu, ali ndi magalasi oyera okha, kuwala kudawabaya. Adatsinzina, natsegulanso pang'ono. Njira ija sinalinso ya mtundu umodzi. Pakati, pamene adadutsa, panali mzere waukulu wonyezimira ngati msana wa mlamba. Chakumanja kunali kanjira kofiirira, kosawala, pamene madzi adasiya mchenga. Kutsogolo kanjirako kankadumphira kumanzere, kenaka n'kubwereranso. Zonse zinkaoneka poyera, ndipo manja awo adadziwa pomwepo mmene akadakhotetsera chiwongolero.

Adapanira topha kunyezimira. Njira idakhalanso yakuda, yosalala, yabata. Adachotsa, natulutsa takuda wamba m'kapepala kaja. Mzere wonyezimira udaoneka, wofooka pang'ono koma woonekeratu, ndipo kuseri kwa diso lakumanja kudayamba kaululu kamene ankakadziwa bwino.

Adaima pamenepo nthawi yaitali, matope akuuma pamawondo. Zaka zonsezo chimene chinkawauza poterera ndi polimba chinali kunyezimira komweko kumene tsopano kunkawaliritsa. Palibe adawaphunzitsa, ndipo iwo eni sankadziwa kuti amadalira chimenecho.

Masiku otsatira adavala takuda wamba. Tinali bwino kuposa magalasi oyera okha, koma mvula inkagwa m'mawa dzuwa n'kutuluka pamwamba pake, ndipo pofika masana mphira uja unkayambanso kukoka. Foni sidalire. Adamva kwa Laston kuti dzanja la mayi Jalia silidathyoke, lidangobinya, ndipo akupuma kunyumba. Pasiteji palibe adanena za kugwako. Anzawo adangoyamba kuwapatsa moni mwaulemu wopitirira. Ntchito imene adapeza masiku onsewo inali thumba la feteleza ndi mtolo wa nsungwi.

A Eveles adanyowetsanso kansalu kaja.

"Ndiye mwaganiza bwanji, bambo a Princess?"

"Nditenga akuda wamba."

"Mukufuna mwana akugulireni magalasi oti muzimva nawo kuwawa."

"Kuwawa kwake n'kochepa."

"N'kochepa? Amanyowetsa nsaluyi ndani? Masiku aja munali munthu pakhomo pano. Munakonza khola, munacheza nane. Tsopano mwabwereranso kukhala mtolo wa pamkeka."

"Ndikagwetsanso munthu, amake Princess, ndiye kuti basi."

"Nanga kukhala basi n'kufa?"

A Fletcher adakokera kansalu kaja m'maso. A Eveles adakhala pambali pawo kanthawi, kenaka adanyamuka kukatsekera mbuzi.

Tsiku lobwera Nusaiba, a Fletcher adayamba apita kwa mayi Jalia. Adafuna kuti mayiwo amve kuchokera pakamwa pawo kuti chidawagwetsa n'chiyani, ndi kuti sichidzachitikanso. Adawapeza pakhonde, dzanja lili lokulungidwa ndi bandeji. Pachingwe panali zitenje zochapidwa, zimene tsopano sizikanagulitsidwanso ngati zatsopano. A Fletcher adaziyang'ana kamodzi n'kuyang'ana kumbali.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Dzanjalo?"

"Likuchira. Khalani apa. Bondo lanu?"

"Bondo la wa kabaza silidandaula."

Adakhala pampando, natulutsa timagalasi tonse tiwiri, nayamba kufotokoza. Adanena za makande, za mzere wonyezimira, za kanjira ka mchenga. Adawapempha mayi Jalia kuti ayang'ane okha pamalo onyowa a pafupi ndi mtsuko, poyamba ndi tina, kenaka ndi tinato. Mayiwo adatenga ndi dzanja lamanzere, nayang'ana moleza mtima.

"Ndaona. N'zoona, kuwala kukuchoka."

"Ndiye lero ndikukauza adokotala kuti andidulire akuda wamba. Ndi amenewo njira ndikuiona ngati kale. Mukachira tiyambiranso, ndipo nsalu zija tidzakambirana."

"Za nsalu zisiyeni. Zigulidwa ndi achibale, akhala akundivutitsa kuti nditsitse mtengo." Adabweza timagalasito. "A Fletcher, ine ndimakhala kumbuyo kwanu. Inu simudziona."

"Mukutanthauza chiyani, mayi?"

"Chichokereni kuchipatala kuja, mukamapalasa mumapukutira maso paphewa. Mukatero njinga imapita uku, kenaka uku. Pamsewu waukulu minibasi zikudutsa pafupi, ine ndimangogwira kaliya n'kumapemphera. Malaya anu paphewa pamakhala ponyowa tisanafike n'komwe pamlatho. Ndinkakhala chete chifukwa ndi inu, komanso chifukwa zinthu zamotozi ndinkaziopa."

"Akuda wambawa amathandiza. Misozi yachepa."

"Yachepa? Dziyang'aneni panopa. Mwakhala pamthunzi, koma diso ilo likutuluka madzi."

A Fletcher adakweza dzanja, napeza tsaya lili lonyowa.

"Tsiku lija ndinakwera ya Laston nditatsinzina," adapitiriza mayi Jalia. "Ndinatsegula maso tafika kale kuchipatala. Sindinafe. Pobwera ndinatsegula diso limodzi. Dzulo ndalankhula naye, ndikayamba kupita kumsika azidzanditenga. Ndinafuna ndikuuzeni ndekha, musamve kwa anthu a pasiteji. Si chifukwa cha matope aja. Matope munthu amachapa."

"Laston amathamanga, mayi."

"Ndamuuza kuti akangothamanga ndimutsina."

"Nanga mvula ikatha? Njira ikauma?"

"Mvula ikatha tidzaona."

Onse awiri adadziwa kuti palibe chodzaona. Mayi Jalia adaitana kuti abweretse tiyi, ndipo adamwa akuyang'ana zitenje zikugwedezeka pachingwe.

"Masiku aja munavala enawo, munkaimba," adatero mayi Jalia. "Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti mumaimba."

"Ine?"

"Nyimbo za kutchalitchi kwanu. Moipa ndithu, koma munkaimba. Mukamakasankha, sankhani za maso anu. Ine ndichotseniko."

A Fletcher adamaliza tiyi, nathokoza, nadzuka. Atafika panjinga adakumbukira kuti mphira wawo udatsala kwa Laston, ndipo adaona kuti alibe mphamvu zokaufunsa.

Adapalasa okha kupita ku Boma. Kaliya wopanda munthu ankalira pamabampu. M'dambo muja, ndi takuda wamba, adatsata kanjira ka mchenga kumanja, kudumphira kumanzere, kubwereranso, osaponda pansi ngakhale kamodzi. Palibe adawaona. Pamsewu waukulu phula lonyowa linkaponya dzuwa lonse m'maso mwawo, ndipo atazindikira adapeza akupukutira nkhope paphewa, njinga ikupendekera kumene kunkachokera minibasi. Dalaivala adaimba hutala, kondakitala natukwana. A Fletcher adatsika n'kukankha mpaka kumasitolo.

M'kachipinda ka Nusaiba munali mayi wina wokalamba amene ankasankha mafelemu, akufunsa mdzukulu wake pafoni ngati ofiira angamukhale. A Fletcher adakhala pabenchi n'kudikira, mutu atautsamiritsa kukhoma lozizira. Mayiyo atatuluka, Nusaiba adawayang'ana.

"Mwatopa, bambo."

"Ndayenda, adokotala."

Adaika timagalasi tonse tiwiri patebulo, nafotokoza za makande mwachidule, chifukwa nkhaniyo anali ataifotokoza kale kamodzi tsiku limenelo ndipo sidawathandize. Nusaiba adamvetsera mpaka kumapeto.

"Pepani kwambiri. Ine ndinangoganiza za foni. Ena a njinga akabwera ndiziwauza zimenezi. Mayiwo ali bwanji?"

"Akuchira."

"Ndiye tikudulireni akuda wamba?"

A Fletcher adayang'ana kunja kudzera pakhomo. Msewu unkawala, zithaphwi zinkawala, njinga zamoto zinkadutsa zikuwaza madzi. Adaganiza za pansi pa bulugama, za kukhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka madzulo kudikira thumba la feteleza, diso likutuluka madzi. Adafufuza mumtima ngati muli chisoni chachikulu, koma chimene adapezamo kwambiri kudali kutopa.

"Ayi. Mundidulire opha kunyezimira aja."

"Apolaraizidi? Mwatsimikiza? Paja ndinanena kuti sabwezedwa."

"Ndatsimikiza."

"Nanga makande?"

"Ndizitsika n'kukankha. Palibe amene ndikumuthamangitsira."

Nusaiba adawayesa mafelemu angapo, nawapatsa kalilole. A Fletcher adaloza oyamba amene sadawapane kuseri kwa makutu. Nusaiba adawauza kuti magalasi akafika adzawaimbira, ndipo timagalasi toyesera tija adatipukuta n'kutibwezera m'kabokosi, chifukwa panali ena ofuna kuyesa.

A Fletcher adatuluka ali ndi magalasi oyera okha. Dzuwa linali pamutu, ndipo atangoponda panja maso adadzaza misozi. Adabwerera pakhonde la sitolo, nakokera njinga pamthunzi, nakhala pansi atatsamira chipilala. Mayi wina wonyamula dengu la tomato adaima patsogolo pawo.

"Kabaza, bambo?"

"Funsani anyamata ali apowo, mayi."

Mayiyo adapita. A Fletcher adatambasula mwendo wa bondo lopweteka, natsinzina, nadikira kuti dzuwa lipendeke.